Woyimbira Mpira pa Bwalo la Ochemerera: Mafunso ndi Mayankho

Aliyense amene adakhalapo pa dooko la Swang'oma m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, kapena m'misika ya Migowi ndi Chiringa, mmawa wa tsiku lotsatira masewero aakulu a mpira, adziwa kuti mlandu umene woyimbira adaugamula dzulo m'kuphethira kwa diso umazengedwanso ndi asodzi akusoka maukonde awo, ndi amayi akuyanika matemba, ndi anyamata a kabaza akudikira wokwera, ndipo adziwanso kuti pa bwalo lachiwirili woweruza uja ndiye amasanduka woimbidwa mlandu, chonsecho mwini wake palibe. Mafunso ali m'munsimu ndi amene amabuka kawirikawiri pa mabwalo otere, ndipo ndawayankha monga ndionera ine.

Funso: Kodi zidayamba bwanji kuti munthu mmodzi, wosagoletsa chigoli ndi wosatchinga mpira, apatsidwe mphamvu yoposa ya osewera 22 pamodzi ndi khamu lonse?

Yankho: Pachiyambi sizidali chomwecho ayi. Pamene malamulo a mpira wa miyendo adalembedwa ku London m'chaka cha 1863, ambiri mwa osewera anali ana a anthu olemera, amene ankati munthu waulemu sachimwira mnzake dala, kotero kuti mkangano ukabuka atsogoleri a matimu awiriwo ankaukamba okha. Pambuyo pake timu iliyonse idayamba kudza ndi mkhalapakati wake, ndipo awiriwo akalephera kumvana ankapita kwa munthu wachitatu woima kunja kwa bwalo. Koma zikho zitabwera, ndalama za pakhomo zitachuluka, osewera atayamba kulandira malipiro, ulemu uja udazilala, ndipo mu 1891 wachitatuyo adalowetsedwa m'bwalo ndi wenzulo wake, awiri aja nasanduka onyamula mbendera m'mbali. Penate nayo ndi ya chaka chomwecho. Makadi achikasu ndi ofiira ndi a dzana lomweli, pakuti adaoneka koyamba pa chikho cha dziko lonse cha 1970 ku Mexico, atawalingalira Mngelezi wina, Ken Aston, poona kuti osewera a zinenero zosiyana sankamva chimene woyimbira wawalamula.

Lamulo lachisanu mwa malamulo 17 a mpira ndilo limapatsa woyimbira mawu omaliza pa zochitika za m'masewero. Amene adalilemba sadali opusa oti n'kumayesa woyimbira mngelo wosachimwa; adangoona kuti masewero a mphindi 90 sangadikire mlandu wa masiku atatu, ndipo kuti n'kwabwino kupirira chigamulo chokhota kamodzikamodzi kusiyana n'kuti chigoli chilichonse chizikhala ndi apilo.

Funso: Komatu maso a khamu ndi ambiri. Kodi anthu mazanamazana angalakwe onse, mmodzi yekha n'kukhoza?

Yankho: Angathe ndithu, ndipo chifukwa chake chili poyera kwa amene adaonerapo mpira pa mabwalo a sukulu a m'chigwa cha Phalombe. Dothi lake ndi lamakande, limene m'chilimwe limang'ambika ming'alu yolowa chala ndipo m'dzinja limamatirira kumapazi. Mizere, ngati ilipo, ndi tingalande tolimidwa ndi khasu kapena phulusa lothiridwa mmawa, limene pofika chigawo chachiwiri lafufutika kale. Magolo ndi mitengo ya bulugamu yopanda ukonde, mtanda wake nthawi zina n'kukhala nsungwi yowerama pakati. Anthu amaima pa mzere penipeni, ndipo mpira ukapita kuuko amalowa m'bwalo kuti aone bwino, kotero kuti wonyamula mbendera, amene mbendera yake ndi nthambi ya mtengo kapena malaya ake omwe, amathamanga akukankhana ndi oonerera. Mpira ukadutsa pafupi ndi mtanda, theka la khamu limalumbira kuti walowa pansi, theka lina kuti wadutsa pamwamba, ndipo palibe akunama mwa iwo, pakuti diso la munthu limafulumira kuona chimene mtima udafuna kale.

Talingaliraninso za ofusayidi. Woweruza molungama ayenera kuona zinthu ziwiri nthawi imodzi, phazi la womenya mpira ndi malo a woulandira, amene angatalikirane mamita 30, ndipo ayenera kuima molunjika ndi wotchinga kumbuyo womaliza. Tsono bambo amene wakhala pa njinga yake kuseri kwa golo, ngakhale afuule chotani, pa mlandu uwu si mboni.

Nanga mpira wa ku Kamuzu Stadium kapena ku Bingu National Stadium, umene ambiri a kunyanja kuno sauona konse? Msodzi wa pa chimbowera amaumvera pa kawailesi kopachikidwa pa mtengo, ndipo mibadwo yathunthu idakula ikuona mpira ndi makutu kudzera m'mawu a Steve Liwewe Banda ndi anzake a pa MBC. Luso lawo ndi lalikulu, koma wolengeza nayenso ndi munthu mmodzi wokhala malo amodzi, ndipo akangokweza mawu kuti apa woyimbira wadabwitsa anthu, chigamulo cha ku Chilwa chagwa kale. Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa.

Funso: Tiyeni titchule mlandu weniweni. Kodi Malawi sidaberedwe penate pa masewero ake ndi Senegal?

Yankho: Nkhaniyi ndi ya pa 18 Januwale 2022, mu mzinda wa Bafoussam ku Cameroon, pa masewero omaliza a m'gulu a chikho cha Africa. Flames inali itagonja 1-0 kwa Guinea, n'kugonjetsa Zimbabwe 2-1 ndi zigoli ziwiri za Gabadinho Mhango, ndipo tsopano idakumana ndi Senegal ya Sadio Mané, imene pamapeto pake idatenga chikhocho. Cha kumapeto kwa chigawo chachiwiri Gomezgani Chirwa adalowa m'bokosi la Senegal, Bouna Sarr namukhudza, iye nagwa, ndipo woyimbira wa ku Cameroon, Blaise Yuven Ngwa, adaloza pa dontho la penate, Amalawi m'nyumba zoonetsera kanema nadzuka pa mabenchi. Koma oweruza a pa kanema, a VAR, adamuitana, iye napita kukayang'ana pa kanema, nabwerako atasintha maganizo, masewero natha 0-0.

Kuona kwanga n'kwakuti, woyimbirayo akadapanda kuimba poyamba paja, dandaulo lathu likadakhala laling'ono, popeza kukhudzana kotere ena amakuimbira ena amakulekerera. Koma VAR, pamene idalowa m'malamulo mu 2018, idapatsidwa malire ake, akuti izikonza cholakwa choonekeratu. Sidaitanidwe kudzazenganso mlandu umene anthu awiri anzeru angasiyane maganizo. Apa ndi pamene dandaulo la Amalawi lili ndi mutu. Ndipo chimene chidawawa koposa m'mitima ya anthu ndi funso limene lidayenda pakamwa ndi pakamwa, lakuti akadagwa Mané m'bokosi lathu, kodi akanema aja akadamuitana woyimbira? Funso lotere limakula pamene woweruza wasintha chigamulo pamaso pa anthu koma osawauza chimene waona, chifukwa pamene palibe kufotokoza, anthu amadzifotokozera okha. Tisaiwale, komabe, kuti mapointi anayi amene tidapeza m'gulumo adatiolotsa kupita m'ndime yotsatira kwa nthawi yoyamba, titakanika mu 1984 ndi mu 2010.

Funso: Mwina kanemayo akukanika chifukwa ndi wachilendo. Kodi sadzakhwima m'tsogolo, mikangano n'kutheratu?

Yankho: Alipo masewero amene adayamba kale kuyenda njira imeneyi, ndipo tingachite bwino kufunsa kwa iwo. Ndi rugby league, masewero a osewera 13 mbali iliyonse, amene amathamanga ndi mpira m'manja kufikira adani atawagwetsa pansi. Adabadwa pa 29 Ogasiti 1895 mu George Hotel ku Huddersfield, pamene makalabu a kumpoto kwa England adapatukana ndi bungwe lalikulu la rugby chifukwa linkakana kuti amuna a m'migodi ya malasha ndi a m'mafakitale a nsalu azibwezeredwa malipiro a tsiku limene ajomba ku ntchito kukasewera. Ndipo msodzi aliyense amene adasiyapo ulendo wa panyanja chifukwa cha bonanza aumvetsa bwino mlandu umenewo. Lero masewerowa ndi aakulu kumpoto kwa England, kum'mawa kwa Australia, ku New Zealand, ndi ku Papua New Guinea kumene amawayesa masewero a fuko. Lamulo lake lalikulu n'lakuti timu imene ili ndi mpira imaloledwa kugwetsedwa kasanu ndi kamodzi, ndipo ikapanda kugoletsa mpira umapita kwa adani; koma mdani akaugunda mpirawo n'kuulephera, kuwerenga kumayambiranso.

Ligi ya Super League ya ku England idayamba kugwiritsa woyimbira wa pa kanema mu 1996, zaka 22 mpira wa miyendo usadatero, ndipo ligi ya NRL ya ku Australia mu 2016 idamanga chipinda chapadera ku Sydney, chotchedwa Bunker, mmene oweruza amakhala pamaso pa makanema ambiri kuyang'anira masewero onse. Tsono imvani chimene chidachitika pa 6 Okutobala 2019, pa masewero omaliza a chaka pakati pa Sydney Roosters ndi Canberra Raiders, timu imene inali isadatengenso chikho kuyambira 1994. Zigoli zili 8-8, kutatsala mphindi zosakwana 10, Canberra ili pakhomo pa adani, woyimbira Ben Cummins adagwedeza dzanja m'mwamba kusonyeza kuti kuwerenga kwayambiranso; koma atamva kwa omuthandiza kuti mpira wagunda wosewera wa Canberra yomweyo, adasintha pomwepo nafuula kuti kugwetsa kwatsala kumodzi. Jack Wighton wa Canberra, amene adaona chizindikiro choyamba chija, adaugwiritsa mpira osauponda, nagwetsedwa, mpira nupita kwa Roosters, amene adathamanga nawo mpaka James Tedesco kugoletsa, masewero natha 14-8.

Akuluakulu a ligi adanena kuti chigamulo chachiwiricho ndicho chinali cholondola, ndipo kanema adawavomereza. Koma anthu a ku Canberra sadatonthozedwe, ndipo ine sindiwadzudzula, pakuti wosewera wawo adachita molingana ndi chimene woweruza adamuuza, nalangidwa chifukwa cha kumvera kwake. Chaka chotsatira ligiyo idapatsa kaputeni ufulu wopempha kuti chigamulo chikaonedwenso pa kanema. Mikangano idatha kodi? Idangosamuka malo: kale ankati woyimbira sadaone, lero amati a m'chipinda aja aweruza mosiyana ndi sabata yatha, kapena akuchedwetsa masewero.

Funso: Nanga mawu aja amamveka pa bwalo lililonse, akuti «wadya ameneyu, watigulitsa», ndi miseche chabe?

Yankho: Ndikadakonda kutero, koma sindingathe. M'chaka cha 2017 bungwe la oyimbira m'dziko muno lidaletsa oyimbira anayi kuimbiranso moyo wawo wonse, pa mlandu wolandira ndalama pa masewero a Carlsberg Cup a pakati pa Nchalo United ndi Chitipa United. Ndipo ndalamazo, zimene onse anayi adayenera kugawana, zinali ngati madola 20 a ku America basi. Nkhaniyo idaululika chifukwa timu yopereka idagonjabe pa mapenate, niyamba kufuna ndalama zake. Dziko lakunja lidaseka kuchepa kwa ndalamazo, koma kwa ife kuchepako ndiko kuyenera kutidetsa nkhawa, chifukwa kukusonyeza mtengo umene tidaika pa ntchito ya woweruza.

Kumidzi nkhaniyi ili ndi nkhope ina, yopanda envulopu. Woyimbira amakhala mphunzitsi wa sukulu yapafupi kapena wosewera wakale amene ali ndi wenzulo. Amafika pa njinga, timu ya pamudzi n'kumupatsa nsima ya mlamba. Kangachepe kake amalandira masewero atatha, kuchokera kwa mwini bonanza, amene kawirikawiri ndi wandale wofuna mavoti a mudzi womwewo. Ndipo dzuwa likamalowa ayenera kudutsa m'mudzimo pobwerera kwawo. Munthu wotere, mpira ukagunda dzanja la mwana wa amfumu m'bokosi pa mphindi yomaliza, amawerenga zambiri asadaike wenzulo pakamwa. Makolo athu adachiona ichi kalekale, nati mlandu sagula ndi chipanda cha mowa, ndipo Malemba nawo, m'buku la Deuteronomo, amaletsa oweruza kulandira mphatso ndi kuyang'ana nkhope. Ochemerera amapirira kulakwa, ngakhale modandaula. Chimene sapirira ndi kukayikira kuti woweruza wadyera kwa mdani, ndipo kukayikirako sikungachotsedwe ndi kanema ngati kadyedwe ka woyimbira sikadakonzedwe.

Funso: Ndiye kuti cholakwa chachikulu chilichonse chili ndi dzanja kumbuyo?

Yankho: Iyayi. Pa 12 Januwale 2022, ku Limbe wa ku Cameroon, osati wathu wa ku Blantyre, woyimbira wa ku Zambia, Janny Sikazwe, amene adaimbirapo pa chikho cha dziko lonse cha 2018, adathetsa masewero a Tunisia ndi Mali pa mphindi ya 85, nawayambitsanso, nawathetsanso mphindi 90 zisadakwane. Pambuyo pake zidamveka kuti dzuwa lidamuzunguza mutu mpaka kupita naye kuchipatala. Woyimbira wa masewero aakulu amathamanga makilomita 10 kapena kuposa, ndipo ayenera kuganiza bwino ali wefuwefu. Ndi yolemetsadi, koma kuti ntchitoyi Amalawi angaithe, umboni ndi mayi Bernadettar Kwimbira, amene adanyamula mbendera pa chikho cha dziko lonse cha amayi ku Canada mu 2015 ndi ku France mu 2019.

Funso: Tisiye woyimbira. Kodi pa osewera, chiweruzo cha ochemerera n'cholungama?

Yankho: Apa ndiwapatsa ulemu woposa, komabe ndi malire. Khamu limakumbukira chigoli. Pa 25 Januwale 2022 ku Yaoundé, Gabadinho adamenya mpira ali pa mtunda wa mamita oposa 30, nudutsa pamwamba pa Yassine Bounou wa Morocco n'kulowa, ndipo chigoli chimenecho chidzasimbidwa kwa adzukulu, monga kuyenera. Koma usiku womwewo goloboyi Charles Thom adatchinga mipira yambiri imene ikadatichititsa manyazi, ndipo ngakhale tidagonja 2-1 ndi zigoli za Youssef En-Nesyri ndi Achraf Hakimi, ntchito yake idali yosachepera. Nanga ndi angati lero amayamba ndi dzina lake posimba za tsikulo? Wotchinga kumbuyo amene waima pamalo oyenera, mdani n'kulephera kupereka mpira, sachita chilichonse chooneka, ndipo wailesi simutchula. Oweruza a ku Australia pa tsiku la Canberra lija adapereka mendulo ya wosewera bwino koposa kwa Wighton wa timu yogonja, chinthu chimene khamu lokondwerera chipambano silichita kawirikawiri.

Palinso khungu la chikondi cha timu. Pakati pa Maule ndi Manoma, ndiko kuti Bullets ndi Wanderers, wosewera yemweyo amene chaka chatha anali mfiti ya mpira amasanduka nkhalamba yotha ntchito tsiku limene wavala malaya a mbali inayo. Ndipo akuluakulu amene adamva Kinnah Phiri akugoletsa zigoli zake 71 za timu ya dziko, pa masiku amene Malawi idatenga chikho cha kum'mawa ndi pakati pa Africa mu 1978 ndi 1979, amayeza anyamata a lero ndi muyeso wa unyamata wawo womwe, umene palibe wamoyo angaukwanitse.

Komatu pali chinthu chimene ochemerera amachidziwa kuposa mphunzitsi wobwera dzulo. Amene aonerera mnyamata chaka chathunthu amadziwa ngati amafooka mtima timu ikamwetsedwa chigoli choyamba, ngati amabisala mpira ukavuta, ngati amasewera bwino pokhapokha pali alendo omuona. Kunyanja kuno amadziwanso zimene pepala silingalembe, zakuti uyu akuyenda pang'onopang'ono lero wachezera kukoka nkhacha m'madzi, kapena kuti timu yafooka chifukwa nyanja yaphwa, monga idachitira mu 1995 ndi mu 2018, anyamata n'kubalalika kukasaka maganyu. Pa mphindi imodzi ya ofusayidi khamu ndi mboni yofooka, koma pa khalidwe la wosewera m'nyengo yonse ndi mboni imene mphunzitsi wanzeru amaimvera.

Funso: Tsono malire a wochemerera ali pati, ndipo pa mabwalo athu tingakonze chiyani?

Yankho: Kufuula, kudandaula, ndi kuzenga mlandu pa dooko mmawa ndi ufulu wake, ndipo mpira wopanda zimenezi ungakhale maliro. Malire ndi mzere wa bwalo ndi thupi la munthu. Mu Disembala 2013 ziwawa za ochemerera zidasokoneza masewero a Silver Strikers ndi Wanderers pa bwalo la Balaka, munthu mmodzi nataya moyo, ndipo palibe chigamulo cha wenzulo chimene chingalingane ndi maliro amenewo.

Ku rugby league wosewera akatsutsana ndi woyimbira, timu yake imabwezedwa m'mbuyo mamita 10, ndipo akaonjeza amatulutsidwa kukakhala panja mphindi 10. Amene amafunsa chifukwa cha chigamulo ndi kaputeni, ndipo woyimbira amamuyankha. Mpira wa miyendo udatengerako mwambo wa kaputeniwu pa chikho cha Ulaya cha 2024. Umenewu sufuna magetsi kapena kanema, ndipo ungayambike Loweruka likudzali pa bwalo lililonse la kwa Chiwalo kapena kwa Nazombe, pokhapokha woyimbira avomere mbali yake ya panganolo, ndiyo kuitana makaputeni awiriwo ndi kuwauza mwachidule chimene waona. Zotsalazo ndi za komiti ya masewero pamodzi ndi mafumu: woyimbira achokere m'mudzi wachitatu, ndalama yake iperekedwe m'manja mwa komiti mpira usadayambe, adye kwa munthu amene alibe timu m'masewerowo, chingwe chimangidwe mapazi angapo kuchokera pa mzere, akuluakulu a midzi yonse iwiri amuperekeze pobwerera, ndipo timu imene ochemerera ake alowa m'bwalo ilandidwe mapointi ngakhale mwini bonanza atakhala wa m'mudzi mwawo.